Mvula ya ku Bundabunda ndi mapini a kachipangizo: luso losamutsa interrupt

Dera la Bundabunda, lomwe lili kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka ndipo ndi limodzi mwa madera a mafumu a Asoli, limadalira mvula monga momwe madera ambiri olima chimanga mu Zambia amachitira, ndipo mvulayo, yomwe imayamba cha mu November n'kuleka cha mu April, ndi imene imagamula ngati nkhokwe zidzaone chakudya kapena zidzangokhala pululu. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala cha nyengo ya 2023/2024 chinali ngozi yogwera dziko lonse, ndipo ananena kuti pa mahekitala pafupifupi 2.2 miliyoni omwe anadzalidwa chimanga, pafupifupi mahekitala 1 miliyoni anali atawonongeka.

Chilala chimenecho chinakumbutsa alimi ndi alangizi mfundo yodziwika kale, yakuti mvula siigwa mofanana ngakhale m'boma limodzi, popeza mudzi wina umatha kunyowa pamene woyandikana nawo uli gwa, motero chiwerengero cha mvula chotengedwa ku Lusaka sichingauze mlimi wa ku Bundabunda tsiku loyenera kudzala kapena kuthira feteleza. Malo oyezera nyengo a boma, omwe amayang'aniridwa ndi Zambia Meteorological Department, ndi okwera mtengo kuwamanga ndi kuwasamala, ndipo n'chifukwa chake akatswiri akhala akuyesa zipangizo zotsika mtengo zoti ziziikidwa pa sukulu, pa chipatala kapena pa munda. Chitsanzo chodziwika ndi ntchito ya 3D-PAWS ya bungwe la UCAR la ku Boulder m'dziko la America, yomwe inathandizidwa ndi USAID, ndipo pofika mu 2016 zipangizo zake zoyamba zinali zitaikidwa mu Zambia mogwirizana ndi nthambi ya zanyengo, zili zopangidwa ndi pulasitiki yosindikizidwa pa makina, timasensa totchipa, kakompyuta ka Raspberry Pi ndi kasola.

Zipangizo zambiri za mtunduwu, kaya ndi zoyezera mvula, zoyezera mphepo kapena zowerenga madzi otuluka m'pampu ya sola, ntchito yake yaikulu ndi kuwerenga tizizindikiro ta magetsi tobwera mwa kamphindi, ndipo kulondola kwa chiwerengerocho kumadalira nkhani yomwe imaoneka yaing'ono, ya pini yomwe waya wa sensa walumikizidwapo. Pini ikapsa, kapena mapini oyenera akachepa, chipangizo chimapulumuka ngati pali munthu wodziwa kusamutsa ntchitoyo kupita pa pini ina, ndipo chimatayidwa ngati munthu wotereyo palibe.

Momwe mvula imasandukira nambala

Choyezera mvula chofala kwambiri pa zipangizo zodziyendera zokha chili ndi fanulo yomwe imakhuthulira madzi m'kachidebe ka zipinda ziwiri, kokhazikidwa pa kachitsulo kotero kuti kamapendekera uku ndi uku. Chipinda chimodzi chikadzaza, kulemera kwa madzi kumagwetsera kachidebeko mbali imeneyo, madziwo n'kutayika, ndipo nthawi yomweyo chipinda chinacho chimabwera pansi pa fanulo. Pa zoyezera zambiri kupendekeka kumodzi kumaimira mvula ya mamilimita 0.2, kutanthauza kuti mvula ya mamilimita 20 imagwedeza kachidebeko maulendo 100. Popeza milimita imodzi ya mvula ndi malita 10,000 pa hekitala, kupendekeka kumodzi kosawerengedwa ndi malita 2,000 pa hekitala omwe asowa m'kaundula.

Pa kachidebeko pamamatidwa maginito, ndipo pafupi napo pamakhala kagalasi kowonda komwe m'kati mwake muli tizitsulo tiwiri tosakhudzana, kotchedwa reed switch. Maginito ikamadutsa, tizitsulo timeneti timakhudzana kwa nthawi yosakwana sekondi, magetsi a pa waya n'kutsika, kenako n'kukweranso. Chomwe chimayenera kuona kutsikako ndi microcontroller, kachipangizo ka silikoni komwe m'kati mwake muli purosesa yotsata malamulo, malo osungira pulogalamu ndi njira za magetsi zolumikiza zonsezi ndi kunja kudzera mu tizitsulo totuluka m'mbali mwake, tomwe ndi mapini.

Pali njira ziwiri zomwe microcontroller ingadziwire kuti pa pini pachitika kanthu, ndipo kusiyana kwake kumafanana ndi kwa munthu yemwe akuphika uku akuyembekeza mlendo: akhoza kumatuluka pafupipafupi kukasuzumira kunjira, zomwe zimamudyera nthawi komanso mlendo akhoza kudutsa iye atabwerera pamoto, kapena akhoza kupitiriza kuphika mpaka atamva odi, n'kuphula mphika, kukalandira mlendoyo, kenako n'kubwerera pomwe analekeza. Njira yoyamba imatchedwa polling, pomwe pulogalamu imangofunsa pini mobwerezabwereza, ndipo yachiwiri ndiyo interrupt, yomwe inayamba kugwiritsidwa ntchito m'makompyuta a m'zaka za m'ma 1950.

Interrupt ikachitika, purosesa imamaliza lamulo lomwe inali kuchita, imasunga malo omwe yafika, imalumphira ku kapulogalamu kapadera kotchedwa ISR kudzera pa adiresi yokhazikika yotchedwa vector, ndipo ikamaliza imabwerera ku ntchito yake, zonsezi m'nthawi yochepa kwambiri kuposa gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Kwa chipangizo cha kumudzi ubwino wake ndi wa mitundu iwiri. Choyamba, pulogalamu ikatanganidwa kwa masekondi angapo ndi kutumiza meseji pa netiweki ya foni, mvula imapitirira kuwerengedwa. Chachiwiri, microcontroller ikhoza kugonekedwa nthawi yaitali n'kumadzutsidwa ndi chizindikiro chokha, zomwe zimasunga batire m'masiku a mitambo pamene sola ikupereka moto wochepa, omwenso ndi masiku omwe mvula ikufunika kuyezedwa.

Mapini awiri okha a Arduino Uno

Bolodi lomwe ophunzira ambiri amayambira ndi Arduino Uno, lomwe linatuluka mu 2010 kuchokera mu ntchito yomwe inayambira ku Ivrea m'dziko la Italy mu 2005, ndipo mtima wake ndi ATmega328P, microcontroller ya kampani ya Atmel yomwe inagulidwa ndi Microchip Technology mu 2016. Bolodili lili ndi mapini 14 a digito ndi 6 oyezera mphamvu ya magetsi, koma awiri okha ndi omwe ali ndi interrupt yawoyawo: INT0 ili pa pini 2 ndipo INT1 ili pa pini 3. Interrupt ziwirizi zimatha kuuzidwa kuti zizimva magetsi akamakwera, akamatsika, akasintha mwa njira iliyonse kapena akakhala pansi, ndipo iliyonse ili ndi vector yake, kotero pulogalamu siifunikira kufufuza komwe chizindikiro chachokera.

Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa, chifukwa amaganiza kuti posintha nambala mu pulogalamu akhoza kutengera INT0 pa pini 7 kapena pa pini 12. Zimenezi sizitheka pa ATmega328P, popeza njira yochokera pa pini 2 kupita ku INT0 inajambulidwa mu silikoni ku fakitale ndipo palibe lamulo lomwe lingaisunthe. Chisokonezochi chimakula chifukwa cha manambala, pakuti mu malamulo a Arduino interrupt nambala 0 imatanthauza pini 2, osati pini 0, ndipo pa bolodi lalikulu la Arduino Mega 2560, lomwe lili ndi mapini asanu ndi limodzi otere, a 2, 3, 18, 19, 20 ndi 21, pini 2 yomweyo ndi INT4 m'buku la wopanga. Lamulo la digitalPinToInterrupt linaikidwa kuti lizimasulira nambala ya pini kukhala nambala ya interrupt, koma kumasulira sikusamutsa, ndipo likapatsidwa pini yopanda interrupt silingaipatse.

Mapini awiri amatha msanga. Chipangizo choyezera nyengo choikidwa pa sukulu ku Bundabunda chingafune pini imodzi ya mvula, ina ya tizikho tozungulira toyezera mphepo, ndi yachitatu ya kawotchi monga DS3231 kodzutsa microcontroller pa ola lotumiza uthenga. Ngakhale pa Mega mapini sikuti ndi ochuluka monga amaonekera, chifukwa 20 ndi 21 ndi omwenso amanyamula njira ya I2C yomwe kawotchi ndi masensa ambiri a kutentha amadzera, pamene 18 ndi 19 ndi a njira yachiwiri yolankhulirana ndi zipangizo zina. Vuto lina ndi la m'nyengo ya dzinja, pamene chiphaliwali chogwa pafupi chimatha kuyambitsa magetsi amphamvu mu waya wautali wa sensa n'kuotcha pini imodzi, kachipangizo kotsalako kali bwinobwino.

Njira yodzera kumbali

Omwe anapanga ATmega328P anasiya khomo lina lotchedwa pin change interrupt, lomwe limalola pafupifupi pini iliyonse kudukiza purosesa, koma pa mtengo wake. Mapini anagawidwa m'magulu atatu, loyamba la mapini 8 mpaka 13, lachiwiri la A0 mpaka A5 ndipo lachitatu la 0 mpaka 7, ndipo gulu lililonse lili ndi vector imodzi yokha. Izi zikutanthauza kuti purosesa imangouzidwa kuti m'gulu lakutilakuti mwasintha kanthu, osauzidwa pini yake kapena ngati magetsi akwera kapena atsika, ndipo ndi udindo wa ISR kuyerekeza momwe mapini alili tsopano ndi momwe analili kale kuti idziwe chomwe chachitika.

Mmisiri wofuna kuchotsa choyezera mvula pa pini 2 yomwe yapsa n'kuchiika pa pini 8 amayamba ndi kusamutsa waya n'kuuwotcherera bwino, kenako amatsegula buku la wopanga, lotchedwa datasheet, momwe amapeza kuti pini 8 ndi PB0 ndipo ili m'gulu loyamba ndi dzina la PCINT0. Mu pulogalamu amayatsa kachipangizo ka m'kati kokokera magetsi a pini m'mwamba kuti isamayandame pamene reed switch ili yotseguka, kenako amalemba mu timabokosi tiwiri ta m'kati tosungira malamulo, totchedwa register: mu PCICR amayatsa gulu lonse, ndipo mu PCMSK0 amasankha pini 8 yokha kuti mapini ena a m'gululo asamadukize. Pomaliza amalemba ISR yatsopano yomwe imawonjezera chiwerengero pokhapokha ikapeza kuti magetsi atsika.

Gawo lomalizali ndi lomwe limaiwalika kawirikawiri, ndipo zotsatira zake ndi zoopsa chifukwa chipangizo chimaoneka ngati chikugwira ntchito. Popeza kupendekeka kumodzi kumatsitsa magetsi n'kuwakwezanso, ISR yosasiyanitsa imawerenga kawiri, mvula ya mamilimita 20 n'kulembedwa ngati 40, ndipo mlangizi wokhulupirira nambalayo akhoza kuuza alimi kuti nthaka yanyowa mokwanira pamene sinanyowe. Mayeso ake ndi apafupi: kupendeketsa kachidebe ndi chala maulendo 10 kuyenera kupereka mamilimita 2.0, osapitirira kapena kuperewera. Njira yodzera kumbaliyi ili ndi ubwino wakenso, chifukwa malinga ndi datasheet, microcontroller ikagonekedwa tulo tozama kwambiri INT0 ndi INT1 zimaidzutsa pokhapokha magetsi akakhala pansi, pamene pin change interrupt imaidzutsa pa kusintha kulikonse.

Komabe khomoli nthawi zina limapezeka litatengedwa kale. Uno ili ndi njira imodzi yokha ya serial, yolankhulirana ndi zipangizo zina, yomangidwa mu silikoni, pa mapini 0 ndi 1, yomwenso chingwe cha USB chimagwiritsa ntchito, motero ambiri amalumikiza kachipangizo kotumiza meseji monga SIM800L kudzera mu pulogalamu yothandizira yotchedwa SoftwareSerial. Pulogalamu imeneyi imadzitengera ma vector onse atatu a pin change interrupt, ndipo munthu akalemba ISR yakeyake kompyuta imakana kumanga pulogalamu ponena kuti vector imodzi yalembedwa kawiri. Njira ina yothawira vutoli ndi AltSoftSerial, yomwe analemba Paul Stoffregen, koma iyo pa Uno imafuna mapini 8 ndi 9, kutanthauza kuti choyezera mvula chomwe chinasamutsidwira pa pini 8 chiyenera kusamukanso, mwina kupita pa A0 m'gulu lachiwiri. Phunziro lake ndi lakuti pini siisankhidwa payokha, koma pamodzi ndi zonse zomwe chipangizo chidzanyamule.

Zipangizo zomwe zimalola kusamutsa kwenikweni

Pali mitundu ina ya microcontroller yomwe inapangidwa ndi njira zosinthika m'kati, ndipo pa iyo kusamutsa interrupt ndi ntchito ya pulogalamu basi. Pa mitundu yambiri ya PIC24 ya Microchip pali dongosolo lotchedwa Peripheral Pin Select, momwe nambala ya pini yofunidwa imalembedwa mu register ndipo INT1 kapena INT2 imayamba kumvera pini imeneyo, ngakhale INT0 nthawi zambiri imakhala yokhazikika. Opanga anaika loko pa ma register amenewa, yomwe imatsegulidwa polemba manambala awiri apadera motsatizana, kuti pulogalamu ikasokonekera isasinthe mapini mwangozi chipangizo chili pa ntchito.

Banja la STM32, lomwe kampani ya STMicroelectronics inayamba kugulitsa mu 2007, lili ndi mizere 16 ya interrupt ya mapini, kuyambira EXTI0 mpaka EXTI15, ndipo mzere uliwonse umatha kulozedwa pa pini ya nambala yake m'gulu lililonse. Mzere wa EXTI0 ukhoza kumvera PA0, PB0 kapena PC0, koma imodzi yokha pa nthawi, choncho munthu yemwe waika mvula pa PA0 ndi mphepo pa PB0 adzapeza kuti sensa imodzi yakhala chete, ndipo mankhwala ake ndi kusamutsira ina pa pini ya nambala yosiyana monga PB1. Pa ESP32, yomwe kampani ya Espressif ya ku Shanghai inatulutsa mu 2016 ndipo imabwera ndi Wi-Fi, pini iliyonse yogwiritsidwa ntchito ikhoza kukhala ndi interrupt, koma ndi gulu lina lokha la mapini, lotchedwa RTC GPIO, lomwe limaidzutsa ku tulo tozama, mapini 34 mpaka 39 alibe chokokera magetsi m'mwamba cha m'kati, ndipo 6 mpaka 11 nthawi zambiri amakhala atatengedwa ndi malo osungira pulogalamu. Raspberry Pi Pico, yomwe inatuluka mu January 2021 ndi kachipangizo ka RP2040, nayo imalola interrupt pa pini iliyonse.

Zikuoneka tsono kuti zomwe anthu amazitcha kusamutsa ndi ntchito zitatu zosiyana, zomwe ndi kusuntha waya kupita pa pini ina yokhala kale ndi interrupt, kugwiritsa ntchito interrupt ya mtundu wina monga pa Uno, ndi kusintha njira ya m'kati monga pa PIC24 ndi STM32. Kudziwa kuti kachipangizo komwe kali m'manja kamalola ntchito iti mwa zitatuzi ndiko kumasiyanitsa kukonza ndi kungoyerekeza.

Zomwe kusamutsa sikuthetsa

Pini yatsopano imalandira mavuto onse a pini yakale. Tizitsulo ta reed switch tikamakhudzana timanjanja kangapo m'kanthawi kochepa, ndipo interrupt, pokhala yachangu, imawerenga kunjanja kulikonse ngati kupendekeka kwatsopano, motero ISR imayenera kunyalanyaza zizindikiro zobwera mothithikana kwambiri. Koma nthawi yonyalanyazayo siifanana pa masensa onse. Kasensa kowerenga madzi ka YF-S201, komwe kamaikidwa pa paipi, kamapereka zizindikiro pafupifupi 450 pa lita, kapena 75 pa sekondi madzi akamayenda malita 10 pa mphindi, ndipo munthu akakopera ISR ya mvula yonyalanyaza mamilisekondi 50, chiwerengero sichingapitirire 20 pa sekondi, zomwe ndi malita osakwana 3 pa mphindi ngakhale pampu ikupopa mwamphamvu.

Kasensa komweko kamaonetsanso vuto la malo osungira nambala, chifukwa nambala ya mabiti 16 imathera pa 65,535, ndipo pa zizindikiro 450 pa lita imadzaza n'kuyambiranso pa ziro madzi asanakwane malita 146, zomwe sizingathandize pa thanki yothirira dimba. Nambala yogawana pakati pa ISR ndi pulogalamu yaikulu imayeneranso kulembedwa ndi mawu akuti volatile kuti isamawerengedwe yakale, ndipo pa ATmega328P, yomwe imanyamula mabiti 8 pa nthawi, interrupt imayenera kuimitsidwa kamphindi poikopera kuti isasinthe ikukoperedwa. Nkhani ya mphamvu ya magetsi nayo ndi yofunika, pakuti Uno imayendera mavoti 5 pamene ESP32, STM32 ndi RP2040 zimayendera mavoti 3.3, ndipo pa STM32 ndi mapini ena okha omwe amapirira mavoti 5, kotero kusamutsa waya osaona datasheet kukhoza kuotcha pini yachiwiri. Chomwe chinaotcha pini yoyamba chikapanda kutchingidwa ndi resistor, capacitor ndi diode zoteteza, komanso waya wopita m'nthaka, dzinja lotsatira lidzaotchanso yatsopanoyo.

Udindo wa oika zipangizo ndi wa ophunzitsa

Kwa dera ngati Bundabunda, funso lalikulu ndi la yemwe adzakonze chipangizo chikafa pakati pa dzinja, chifukwa kuchinyamula pa msewu wa Great East Road kupita ku Lusaka, kapena kudikira bolodi latsopano lochokera kunja, kumasiya kaundula wa mvula ali ndi mpata m'masabata omwe anali ofunika kwambiri. Amisiri okonza mafoni, mawailesi ndi masola, omwe amapezeka m'misika ya m'mbali mwa msewuwu, ali kale ndi luso lowotcherera ndi loyeza magetsi, ndipo chomwe chimawalepheretsa nthawi zambiri ndi kusowa kwa pulogalamu ndi chithunzi chosonyeza ntchito ya pini iliyonse. Malo ophunzirira nawo sali kutali, popeza ku Chongwe kuli Chalimbana University ndi Kasisi Agricultural Training Centre, pamene ku Lusaka kuli University of Zambia ndi BongoHive, malo a achinyamata a luso la makompyuta omwe anatsegulidwa mu 2011.

Pali zinthu zitatu zomwe bungwe lililonse loika zipangizo zotere m'midzi liyenera kuchita. Liyenera kugawa mapini a interrupt lisanajambule bolodi n'kusiyako imodzi kapena awiri osagwiritsidwa ntchito, otulutsidwa poti waya angamangidwepo mosavuta. Liyenera kulemba pulogalamu mwa njira yoti nambala ya pini izipezeka pa malo amodzi okha, kuti kuisintha kusafune kulembanso zonse. Liyeneranso kusiya pulogalamuyo ndi chithunzi cha mapini m'manja mwa sukulu, mlangizi kapena komiti yomwe ikusamala chipangizocho, osati kupita nazo. Ophunzitsa nawo ayenera kuzoloweretsa ophunzira kutsegula datasheet m'malo mongokopera zitsanzo, pakuti mayankho onse okhudza pini yomwe ingadukize purosesa ndi yomwe singathe ali m'menemo. Alimi omwe adzadzala potsatira manambala a zipangizozi ali ndi ufulu wopatsidwa chipangizo chomwe mmisiri wa kwawo angathe kuchikonza.